Buku la Conor Cruise O'Brien lonena za Katanga ndi loyenera kugula, koma wowerenga adziwe kaye mwini wake

Buku lotchedwa To Katanga and Back, limene Conor Cruise O'Brien wa ku Ireland analemba ndipo linasindikizidwa koyamba ku London mu 1962, lofotokoza za ntchito yake ngati nthumwi ya United Nations ku Katanga, chigawo cha dziko la Congo, ndi limodzi mwa mabuku akale ochepa amene ndingalimbikitse munthu wa kuno ku Mzuzu kuti atulutsire ndalama zake, ngakhale atalipeza litafiira masamba ndiponso likununkha chinyezi. Komabe chilimbikitso changa chili ndi malire, chifukwa bukuli analilemba ndi munthu amene anali pa mlandu ndipo ankadziteteza, komanso chifukwa zimene mlembiyu anadzachita atalowa ndale n'kukhala nduna zimasintha mmene munthu amawerengera masamba ake.

Ndinaligula kwa bambo wina amene amagulitsa mabuku akaunjika pafupi ndi msika waukulu wa mumzinda uno. Katundu wawo wambiri ndi wa ana a sukulu, monga mabuku a masamu, a sayansi, madikishonale ndi mapepala a mayeso akale a MSCE, pakuti ndi zimene zimayenda malonda. Mabuku a mbiri yakale ndi a ndale amakhala m'makatoni pansi pa benchi, ndipo amene sanafunse sangadziwe n'komwe kuti alipo. Chimene ndikuwayamikira bambowa n'chakuti katundu wawo amamudziwa bwino. Nditawauza kuti ndikufuna chilichonse chonena za dziko la Congo m'zaka za m'ma 1960, anakoka katoni imodzi, nachotsa mabuku a pamwamba, n'kundipatsa ili akunena kuti, "Aphunzitsi, ili lakhalitsa pano, anthu amangolitsegula n'kulibweza poti Chingerezi chake n'cholimba." Sanandibisire kuti lawonongeka, ndipo pa mtengo tinanenererana mwaulemu mpaka anatsitsako ndithu, ngakhale anandiuziratu kuti buku likachoka pabenchi silibwezedwa.

Pa kasungidwe ndiye pali vuto lenileni. Aliyense wokhala ku Mzuzu akudziwa kuti mvula ya kuno imatha mochedwa, ndipo ikangotha pamabwera mawawa ndi nkhungu ya m'miyezi yozizira, kotero katoni yokhala pasimenti imamwa chinyezi usiku ndi usana. Buku langa m'munsi mwake muli banga la madzi limene lakwera kuchokera kumphepete mpaka kukhudza mizere yomalizira ya masamba oyambirira, ndipo masamba ena a pakati anali atamatirana moti ndinachita kuwalekanitsa ndi mpeni wopyapyala pang'onopang'ono kuti zilembo zisasendeke. Njenjete zadya ulusi wa kumsana, ndipo mkati mwa chikuto muli chidindo chofufutika cha laibulale ina ya kunja imene inalichotsa m'mashelefu ake. Palibe tsamba limene lasowa, koma wogula aliyense ayenera kuyamba waona manambala a masamba kuyambira koyamba mpaka kumapeto asanalipire. Mabuku a mtundu uwu ndi osowa kuno kumpoto, makamaka chipsereni laibulale ya Mzuzu University mu December 2015, ndipo zimandipweteka mtima kuona otsalawo akuwolera pansi pomwe thabwa limodzi lokweza makatoniwo likanawapulumutsa.

Kuti nkhani ya m'bukuli imveke, pafunika kukumbukira mmene zinthu zinalili. Dziko la Congo linalandira ufulu kuchokera kwa atsamunda a ku Belgium pa 30 June 1960, ndipo pa 11 July chaka chomwecho Moïse Tshombe analengeza kuti chigawo cha Katanga chadzipatula ndipo ndi dziko palokha. Katanga ndiye kunali chuma: mkuwa, cobalt, komanso uranium wa ku mgodi wa Shinkolobwe, zonsezi zili m'manja mwa kampani ya Union Minière du Haut-Katanga, imene misonkho yake inayamba kupita kwa Tshombe m'malo mopita ku boma la Congo ku Léopoldville, kumene lero ndi Kinshasa. Patrice Lumumba, nduna yaikulu yoyamba ya Congo, anaphedwera ku Katanga komweko pa 17 January 1961. Patangopita mwezi umodzi, pa 21 February, nthambi ya zachitetezo ya bungwe la United Nations inagamula kuti asilikali aganyu ndi alangizi a kunja achotsedwe m'dzikolo, ndipo inaloleza kugwiritsa ntchito mphamvu ngati njira yomaliza yopewera nkhondo yapachiweniweni. Munthu amene mlembi wamkulu wa bungwelo, Dag Hammarskjöld, anamutumiza ku Elisabethville, kumene lero kumatchedwa Lubumbashi, kuti akakwaniritse chigamulochi anali O'Brien, ndipo anafika kumeneko mu June 1961.

O'Brien sanali msilikali. Anabadwira ku Dublin pa 3 November 1917, bambo ake anali mtolankhani, anaphunzira ku Trinity College, ndipo analowa ntchito ya boma mu 1942 n'kusamukira ku unduna wa zakunja patapita zaka ziwiri. Ali m'bomamo anayendetsapo bungwe lotola nkhani la Irish News Agency, ndipo ankalemba nkhani ndi ndemanga za mabuku pogwiritsa ntchito dzina lobisalira la Donat O'Donnell, popeza wantchito wa boma sankayenera kumveka poyera. Kuyambira mu 1956 anali m'gulu la nthumwi za Ireland ku United Nations. Choncho munthu amene anatsika ndege ku Katanga anali wa cholembera, wozolowera kuona anthu ndi diso la mlembi, ndipo apa ndi pamene pagona mphamvu ya bukuli.

Amatha kujambula munthu ndi mawu ochepa mpaka wowerenga n'kumamuona. Tshombe wa m'bukuli ndi munthu waulemu, wolonjeza lero n'kusintha mawa malinga ndi amene walankhula naye komaliza, pomwe Godefroid Munongo, nduna yake ya zam'dziko, ndi amene anthu ankamuopa zenizeni. Kumbuyo kwa awiriwa kuli akazembe a mayiko a ku Ulaya, akuluakulu a migodi ndi maofesala achizungu, amene pakamwa ankati akulemekeza zigamulo za United Nations koma m'zochita ankazifooketsa tsiku ndi tsiku. Mlembiyu akuonetsa bwino lomwe mmene chigamulo cholembedwa ku New York chimasungunukira chikafika pamalo, pamene mayiko amphamvu amene anachivomereza kapena kuchilekerera kuti chidutse sakufuna kuti chigwire ntchito. Akufotokozanso za anthu a mtundu wa Baluba amene, pothawa nkhanza za apolisi a Katanga, anakhamukira kumisasa ya asilikali a United Nations mumzindamo mpaka anafika zikwizikwi, ndipo gawo limeneli limakhudza mtima kwa ife amene timaona anthu a ku Congo akudutsa mumzinda uno kuchokera ku Karonga kulowera ku Dzaleka.

Pachimake pa bukuli pali zochitika ziwiri. Pa 28 August 1961 asilikali a United Nations anagwira ndi kuthamangitsa asilikali aganyu ambiri popanda kukhetsa mwazi, pa ntchito imene inatchedwa Rumpunch. Pa 13 September anayesa kuchita zazikulu kuposa pamenepo, pa ntchito yotchedwa Morthor, imene cholinga chake chinali kulanda wailesi ndi positi ofesi ndi kumanga nduna za Tshombe. Ulendo uno asilikali a Katanga anali atakonzeka, nkhondo inabuka, Tshombe anathawira kumalire a Northern Rhodesia, lero Zambia, ndipo O'Brien anali atauza kale atolankhani kuti kudzipatula kwa Katanga kwatha, pomwe kunatha zenizeni mu January 1963. Lipoti la United Nations linafotokoza nkhondoyo ngati kudziteteza ndi kupitiriza ntchito yochotsa asilikali aganyu. O'Brien akukana zimenezi kwamtuwagalu, ndipo akuti malangizo amene analandira kudzera mwa Mahmoud Khiary, mkulu wina wa bungwelo wochokera ku Tunisia, anali othetsa kudzipatulako ndi mphamvu. Usiku wa pa 17 kulowa pa 18 September ndege ya Hammarskjöld, imene inkapita ku Ndola kuti akakambirane ndi Tshombe zoleka kumenyana, inagwa pafupi ndi mzindawo, ndipo anthu onse 16 amene anali m'ndegemo anataya miyoyo. Mu December O'Brien anatula pansi udindo ku United Nations ndiponso ku boma la Ireland, nalemba m'nyuzipepala kuti boma la Britain ndi la France ankasokoneza ntchito ya bungwelo.

Kwa Mmalawi nkhani imeneyi si yakutali ayi. Ndola inali m'chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chija makolo athu ankalimbana nacho, ndipo Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganyacho, anali kumbali ya Tshombe poyera chifukwa ankafuna kuti Katanga akhale mpanda wotchinga ufulu wa anthu akuda kuti usatsikire kummwera. Mwezi womwewo umene O'Brien ankathamangitsa asilikali aganyu, August 1961, chipani cha Malawi Congress chinapambana chisankho kuno, ndipo anthu ambiri a ku Nkhata Bay, Mzimba ndi Rumphi anali kumigodi ya ku Copperbelt, pafupi kwambiri ndi malire amene zida ndi asilikali aganyu ankadutsira. Mu 2013 asilikali athu anatumizidwa kukatumikira kummawa kwa Congo pansi pa mbendera ya United Nations, ndipo mu November 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni. Mzinda wathu uli ndi Moyale Barracks, ndipo mafunso amene bukuli likufunsa, akuti kodi wolamula msilikali wosungitsa mtendere kuti awombere ndani, nanga zinthu zikavuta mlandu umagwera yani, ndi mafunso a mabanja amene timakhala nawo m'makwalala a Chibavi ndi Mchengautuwa.

Zofooka za bukuli nazonso si zazing'ono. Choyamba, ili ndi buku la m'maofesi, la misonkhano ndi matelegalamu, ndipo mawu a anthu wamba a ku Congo amamveka mwa apo ndi apo. Eni dziko nthawi zambiri amaoneka ngati khamu limene zinthu zikulichitikira. Amene akufuna kudziwa zimene anaona asilikali a ku Ireland pafupifupi 155 amene anazingidwa ku Jadotville, kumene lero ndi Likasi, motsogozedwa ndi Commandant Pat Quinlan, mpaka anagonja pa 17 September madzi ndi zipolopolo zitawathera, ayenera kufunanso mabuku ena, ndipo alipo anthu a ku Ireland amene mpaka lero amamuimba mlandu O'Brien chifukwa cha mmene asilikaliwo anasiyidwira. Chachiwiri, ndipo chachikulu, mlembiyu ndi mboni ndiponso woimbidwa mlandu nthawi imodzi. Amalemba mokoma kwambiri moti munthu amapezeka wavomereza mfundo asanaiyese. Brian Urquhart, amene analowa m'malo mwake ku Katanga ndipo pambuyo pake analemba mbiri ya moyo wa Hammarskjöld, ankaona nkhani ya pa 13 September mosiyana, ndipo ankati mlembi wamkuluyo sanaloleze zimene zinachitikazo. Ine ndikukhulupirira kuti O'Brien akunena zoona pa mfundo yakuti mayiko a ku Ulaya ankateteza migodi yawo, koma pa funso lakuti iye mwini anapupuluma motani, bukuli likundipatsa mbali imodzi yokha ya mlandu.

Bambo wogulitsa uja sananame pa za Chingerezi. Ziganizo zake ndi zazitali, muli mawu a Chifalansa mwa apo ndi apo, ndipo mlembiyu amaganiza kuti wowerenga akudziwa kale mayina a andale a nthawi imeneyo. Mwana wa Fomu 4 angavutike nalo, koma wophunzira wa ku yunivesite, mtolankhani kapena ofesala wa asilikali angalikwanitse atakhala ndi dikishonale komanso mapu osonyeza mayina akale ndi atsopano a mizinda ya ku Congo.

Chimene chandichititsa kulemba ndemanga iyi, komabe, ndi moyo wa mlembiyu bukuli litatuluka. Kuyambira 1962 mpaka 1965 anali mkulu woyendetsa University of Ghana, ataitanidwa ndi Kwame Nkrumah, ndipo anasemphana ndi mtsogoleriyo pa nkhani ya ufulu wa aphunzitsi ndi ophunzira komanso pa kuchotsedwa kwa jaji wamkulu, Sir Arku Korsah, mu December 1963. Anakaphunzitsa ku New York University mpaka 1969, kumene anatsutsa nawo nkhondo ya ku Vietnam. Mpaka apa tikuona munthu mmodzi yemweyo, wolankhula zimene aulamuliro sakufuna kumva. Mu 1969 anabwerera kwawo, naimira chipani cha Labour, napambana mpando wa phungu wa Dublin North-East. Chaka chomwecho ziwawa za ku Northern Ireland zinakula, ndipo zinapha anthu oposa 3,500 zisanathe ndi pangano la mu 1998. O'Brien anafika pokhulupirira kuti nyimbo, nkhani ndi maphunziro otamanda ankhondo akale a ufulu wa Ireland ndi zimene zinkadyetsa gulu la IRA, limene linkamenya nkhondo kuti Northern Ireland achoke pansi pa Britain, anyamata atsopano, ndipo anatsutsa gululo molimba mtima pa nthawi imene kutero kunali kuika moyo pachiswe.

Mu 1973 anakhala nduna ya zamtengatenga wa makalata ndi matelefoni m'boma la mgwirizano lotsogozedwa ndi Liam Cosgrave, ndipo wailesi ndi kanema wa boma, RTÉ, zinali pansi pa unduna wake. Lamulo la zoulutsa mawu la mu 1960 linali ndi gawo 31, lopatsa nduna mphamvu yoletsa zinthu zina kuulutsidwa, ndipo boma lapitalo linali litaligwiritsa kale ntchito mu 1971 n'kuchotsa bodi yonse ya RTÉ mu 1972. O'Brien anakonza lamuloli mu 1976. Mbali ina anachita bwino, pakuti anachotsa mphamvu ya nduna yothamangitsa bodiyo popanda chilolezo cha Nyumba ya Malamulo. Koma mbali inayo anakhwimitsa chiletso, natchula mayina a magulu amene olankhulira ake sankayenera kumveka pawailesi kapena kuoneka pa kanema, kuphatikizapo chipani cha Sinn Féin, chogwirizana ndi IRA, chimene chinali chololedwa ndi malamulo. Chiletsochi chinakhalapo mpaka January 1994, pamene nduna ina, Michael D. Higgins, inachisiya kuti chithe. Mu 1976 momwemo mtolankhani wa Washington Post, Bernard Nossiter, anaulula kuti O'Brien ankasunga makalata a owerenga amene anatuluka m'nyuzipepala ya Irish Press, imene mkonzi wake anali Tim Pat Coogan, ndipo ankaganiza zogwiritsa ntchito lamulo latsopano polimbana ndi akonzi osindikiza makalata otero.

Sindikufuna kupeputsa mantha a nthawi imeneyo, chifukwa mabomba ankaphulika ndipo mu May 1974 anapha anthu ambiri mu Dublin momwemo ndi ku Monaghan. O'Brien ankati boma losankhidwa ndi anthu lili ndi ufulu wokana kupereka wailesi yake kwa amene akufuna kuligwetsa ndi mfuti, ndipo mfundo imeneyi ili ndi kulemera kwake. Koma ine monga Mmalawi amene akudziwa zimene lamulo lathu loona zofalitsa la mu 1968 linachita pa mabuku, nyimbo ndi masewero, ndiponso mmene wailesi imodzi yokha inkalankhulira dziko lonse mpaka zipani zambiri zitabwera, sindingavomereze kuti nduna ndi imene iyenera kusankhira anthu akuluakulu mawu oti amve. Munthu amene mu 1962 anaphwanya mwambo wa chinsinsi wa akazembe kuti dziko lidziwe zimene zinachitika ku Elisabethville ndi yemweyo amene patapita zaka 14 anaona kuti anthu a kwawo sangathe kumva mawu a mdani n'kudziweruzira okha. Nkhani ya atolankhani olowa ndale kuno si yachilendo: Aleke Banda, wa ku Nkhata Bay kuno kumpoto, anali mkonzi wa Malawi News, anakhala nduna, anakhala m'ndende popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1980 mpaka 1992, ndipo atatuluka anayambitsa nyuzipepala ya The Nation mu 1993. Choncho mtolankhani wachinyamata wa ku Mzuzu amene akulota mpando wa uphungu angapindule kwambiri powerenga bukuli limodzi ndi mbiri ya unduna wa mlembi wake.

Pa chisankho cha mu 1977 anaimira ku Dublin Clontarf ndipo anagwa. Anakhala m'nyumba ya Seanad, nyumba yachiwiri ya malamulo ya Ireland, kwa zaka ziwiri, kenako anabwerera ku utolankhani ngati mkonzi wamkulu wa The Observer ku London mpaka 1981, ndipo anapitiriza kulemba m'nyuzipepala ndi kutulutsa mabuku. Mu 1986 anakaphunzitsa ku University of Cape Town pa nthawi imene omenyera ufulu anapempha aphunzitsi a mayunivesite a kunja kuti asapite ku South Africa, ndipo ophunzira a pamenepo anasokoneza maphunziro ake mpaka anaimitsidwa. Mu 1996 analowa chipani cha UK Unionist Party, chofuna kuti Northern Ireland akhalebe pansi pa Britain, ndipo ankatsutsa zokambirana ndi Sinn Féin zimene zinadzabweretsa mtendere. Anamwalira pa 18 December 2008 ali ndi zaka 91.

Amene akugula bukuli ndi chiyembekezo chakuti liwauza chimene chinagwetsa ndege ya Hammarskjöld adziwiretu kuti linalembedwa kale kwambiri, zikalata zambiri za maboma zisanatsegulidwe. Kafukufuku wa boma la chitaganya mu 1962 ananena kuti woyendetsa ndege ndiye analakwitsa, pomwe wa United Nations chaka chomwecho sanagamule chimene chinachititsa ngoziyo. Bungweli linatsegulanso nkhaniyi, ndipo mu 2015 linaika ntchitoyo m'manja mwa Mohamed Chande Othman, amene anakhalapo jaji wamkulu wa Tanzania. Malipoti ake akunena kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inachita kuukiridwa kapena kuopsezedwa kuchokera kunja, ndipo akudandaula kuti mayiko ena sanaperekebe zikalata zonse zimene ali nazo. Malipotiwa amapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo ndi oyenera kuwerengedwa munthu akangomaliza mitu ya O'Brien yonena za September 1961.